Mtengo wa pamanda a bambo

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno ku Kandeu tilipo, kungoti amayi mwendo uja ukuwavutabe, ndipo ine mtima suli m'malo.

Lachiwiri kunabwera anthu oyeza modzadutsa mawaya a magetsi. Mayi amene amawatsogolera anationetsa mapu pakompyuta, opangidwa ndi zithunzi zojambula kuchokera kumwamba. Mudzi wonse unaoneka, ngakhale dimba lathu la kachewere. Kenako analoza pena pobiriwira nati, "Mawaya adzadutsa m'kankhalango aka. Tidula mitengo yochepa chabe."

Amayi anayankha kuti, "Mwananga, amenewo ndi manda. Amuna anga ali mmenemo."

Mayiyo anapepesa. Akuti kuchokera kumwamba amangoona masamba, ndiye abweranso Lolemba ndi kachipangizo kolembera malo kuti banja lililonse likaloze pamene panagona wawo, mzerewo aukhotetse. Koma pa bambo sitinamange chiliza, ndipo mtumbira unafafanizika kalekale. Amayi akuti ndi patsinde pa msuku, amalume akulimbikira kuti ndi pamuwanga, mpaka dzulo asiyana osatsanzikana. Ine mukudziwa kuti tsiku la maliro ndinali kuchipatala ndi khanda.

Inu munanyamula nawo bokosi. Chonde imbani foni Lolemba lisanafike, ndipo ulendo uno musandiyankhe kuti "tiona". Mulungu akusungeni kumeneko, koma mundiuze mtengo wake, ndingakaloze pa munthu wina, bambo n'kutsala kunja kwa mapu.

Ndine mlongo wanu,
Esinati