Ndinagwira Chingwe, Sindipepesa

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mwendo wa amayi uja wasiya kutupa? Ine kuno ndili bwino, kungoti m'manjamu muli matuza okhaokha.

Uthenga wanu ndaumva, woti chithunzi changa chija chakuchititsani manyazi pamaso pa anzanu a komiti ya chipani. Chithunzi mwachiona, koma nkhani yake simunaimve, ndiye khalani pansi.

Msewu wathu uno wakhala wopanda madzi miyezi isanu. A kampani ya madzi anati paipi abweretsa, koma ngalande yake tikumbe tokha. Mukudziwa mmene timakhalira kuno: kumtunda ndife a chipani chathu, kumunsi a chipani chinacho, ndipo chichitikireni chisankho ngakhale moni sitipatsana. Ndiye aliyense anayambira kwake, ife kutsika, iwo kukwera. Palibe amene anafuna kufunsa mnzake kuti walunjika pati.

Titakumba milungu itatu tinafika pakati, koma ngalandezo sizinakumane. Yathu inadutsa kutsogolo kwa golosale, yawo kuseri kwake! Wa kampani uja atabwera anaseka mpaka kugwira m'mimba. Kenako anatipatsa masiku khumi, apo ayi paipiyo apita nayo msewu wina.

Chofunika chinali chingwe chimodzi chowongolera, wina agwire uku, wina uko. Amuna onse anangoima manja m'thumba, maso kumwamba. Ndiye wosoka nsapato wa kumunsi, yemwe uja ankandikuwiza nthawi ya kampeni, anatenga chingwe n'kuponya nsonga yake pakati pa msewu. Ine ndinakumbukira chidebe chimene ndimasenza m'mawa uliwonse ndisanakakhale pa makina osokera, ndinawerama n'kuitola. Chithunzi chanucho ndi chimenecho, iye malaya a chipani chake, ine kapu ya chathu.

Tsopano apampando athu akuti ndipepese pamsonkhano wa Loweruka, apo ayi andichotsa pa ulembi wa amayi ndipo khadi la chipani ndibweze. Akuti madzi akatuluka, a kumunsi adzayamikira phungu wawo. Ndinawafunsa ngati akazi awo amachapira khadi. Anangotsokomola.

Achimwene, sindipepesa. Zikundiwawa, sindinama, chifukwa ulembiwo ndauvutikira zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo amene munandilowetsa m'chipani ndinu. Musaganize kuti ndatembenuka. Ine ndi wosoka nsapatoyo timakumba tikukangana tsiku lonse. Iye amati atsogoleri athu ndi pakamwa pokha, ine ndimamubwezera mpaka amapempha kaye mpweya. Voti yanga sadzainunkha n'komwe, ndipo akudziwa. Koma wina andiuze kuti ndisenze chidebe mpaka chisankho china pofuna kuti a kumunsi nawo akhale ndi ludzu? Ayi, uchitsiru umenewo auchite okha.

Pempho langa ndi limodzi. Piki ya malemu abambo ija ili kuseri kwa chitseko chanu. Pambali pa golosale tapeza thanthwe lomwe lathyola kale makasu awiri, ndipo tatsala ndi masiku anayi. Muipereke kwa kondakitala amene wakubweretserani kalatayi, abwere nayo mawa.

Ndikuuzirenitu, kuti musadzamvere kwa ena: woigwira adzakhala wosoka nsapatoyo, chifukwa mwa amene alowa m'ngalande, wamphamvu ndi iyeyo. Mukaona kuti piki ya abambo siyenera manja amenewo, bwerani nayo nokha, thanthwelo mudzaliswe inuyo. Malo m'ngalande alipo, koma mudzaima pafupi naye.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze asade nkhawa, mwana wawo sanamenyedwe. Moni kwa alamu, kwa azakhali, ndi kwa ana onse.

Ine mlongo wanu wamakani uja, wamatuza m'manja,
Chitsirizira wa amayi