Munda wa Kumtsinje Mumpatse Molly

Glasgow, Scotland
14 Novembala 1960

Okondedwa Mayi,

Ndayamba ndi kufunsa za moyo wanu. Chifuwa chanu chija achimwene a Lyford anatchula m'kalata yawo chinatha kodi? Ife kuno tili bwino, kungoti kuzizira kwayamba kale ndipo dzuwa likumalowa tisanalione bwinobwino. Mdzukulu wanu Connie wamera mano akutsogolo, akuyenda chogwira mipando. Mukanamuona mukanaseka, chipumi ndi chanu chenicheni.

Ndikudziwa kuti kwathuko mvula yoyamba yagwa kapena ili pafupi. Masiku ano ndikumangokumbuka fungo la dothi la ku Lirangwe ikangogwa, ndi ngumbi zija tinkatola ine ndi mng'ono wanga Molly pachulu cha kuseri kwa tchalitchi. Kuno imagwa tsiku ndi tsiku koma sinunkhira kanthu. Sitima ikalira, mtima umathamangira pa siteshoni yathu, pomwe tinkagulitsa mango pa mawindo sitima ili chiimire.

Mayi, nkhani yomwe ndalembera kalatayi ndi yolemera. Tinalonjeza kuti Khirisimasi ino tidzadyera pamodzi. Sitibwera. Chonde mumve mpaka kumapeto musanawaweruze apongozi anu, abambo a Connie.

Mwandifunsa kangapo kuti abambo a Connie amagwira ntchito yanji, poti amalume akuti munthu sangakhale pa sukulu mpaka kumera imvi. Ndiyesa kufotokoza momwe iwo anandifotokozera. Akuti chinthu chilichonse, mwala, madzi, ngakhale thupi lathu, ukachigawa n'kuchigawanso, umafika pa tizidutswa tating'ono toti diso silingaone. Tizidutswato akuti si timiyala ayi. Akuti n'tofanana ndi mafunde aja amayenda padziwe ukaponyapo kanthu, kungoti dziwe lake ladzaza paliponse. Ntchito yawo ndi kupeza ndi masamu momwe tizidutswato timakokerana, kugundana ndi kusweka. Alibe makina, alibe mankhwala. Zida zawo ndi pensulo, mapepala ndi bolodi. Makina ali ndi anthu ena kumaiko ena, ndipo ndi amenewo omwe amayesa ngati zomwe masamu anena zili zoona.

Chibwerere kuno akhala akulimbana ndi kachidutswa kamodzi komwe kamasweka kakangobadwa. Anapeza njira yawoyawo yowerengera kaswekedwe kake, ndipo aphunzitsi awo aakulu anaikonda. Chinatsala ndi kulemba zonse bwinobwino, kulandira digiri, n'kukwera sitima ya pamadzi ya ku Beira. Ine ndinali nditayamba kale kulongedza. Bulangete lanu ndi nsapato za Molly zili m'bokosi mpaka lero.

Mwezi wathawu kunabwera uthenga kuti anthu a makina aja ayesa kachidutswako, ndipo zomwe apeza zasiyana ndi zawo. Tsiku limenelo anabwera masana, chinthu chomwe sachita. Anakhala pampando osavula jasi. Nditawafunsa ngati kwathu kwagwa zovuta, anapukusa mutu nati, “Masamu anga alibe cholakwa, Christobel. Koma chilengedwe chakana.”

Kuyambira pamenepo anasiya kulemba. Chakudya ankangolawa. M'mawa ankanyamula Connie n'kumayenda naye m'mbali mwa mtsinje wa kuno, akumuimbira nyimbo za kwaya ya ku Chileka zomwe sindinawamvepo akuimba chikwatiraneni. Aphunzitsi awo anabwera kunyumba kwathu, bambo wachikulire wofatsa, ndipo anawauza kuti njira yawoyo sinafe yonse, pali mbali ina yomwe ingapulumuke, koma pafunika zaka zina ziwiri kapena kupitirira. Abambo a Connie anathokoza mwaulemu n'kukana. Alendo atapita anandiuza kuti andizunza mokwanira m'dziko lozizirali, tipite kwathu, akapeza ntchito yophunzitsa masamu ku Blantyre ndipo tizikakuonani Loweruka lililonse.

Sindikubisirani, Mayi, ndinakondwa. Ndinalowa kukhitchini n'kumamwetulira ndekha. Ndinadziona ndikutsika pa siteshoni, inu mukumulandira Connie n'kumubereka ndi chitenje chanu.

Koma patapita masiku, tikumwa tiyi m'mawa, ndinaona dzanja lawo likuyenda m'mphepete mwa nyuzipepala. Ankalemba tizilembo tawo ta masamu tija, tiyi atazizira, nkhope itawala ngati ya munthu yemwe malungo amusiya. Atazindikira kuti ndikuwayang'ana, anapinda nyuzipepalayo msanga n'kuikhalira ngati mwana wogwidwa ndi shuga. Zinandipweteka kuona bambo wamkulu akubisa m'nyumba mwake momwe chinthu chomwe Mulungu anamupatsa. Ndinakatenga mapepala awo omwe ndinali nditawamanga kale ndi chingwe, ndinawaika patebulo, ndipo ndinati, “Malizani. Kwathu sikuthawa.”

Choncho si iwo omwe andikaniza kubwera. Ndasankha ndine. Amalume akafuna wom'dzudzula, adzudzule ine. Tsiku lomwe ankadzandifunsira, inu munandichenjeza kuti walira mvula walira matope, ndipo ine ndinangoseka. Matope ake ndi amenewa, ndipo ndiwaponda.

Tsopano pempho langa ndi limodzi. Munda uja wa kumtsinje munandipatsa pa ukwati wanga, ndamva kuti chaka chilichonse mumaulima nokha kuti usamere tchire, ndipo simulola wina kuikamo khasu poti ndi wa Christobel. Mayi, mphamvu zanu si zakale. Molly ali ndi banja tsopano, ndipo pomwe akulima m'pamiyala. Mumpatse mundawo. Musamubwereke, mumpatsiretu, pamaso pa amalume, kuti azidzala ndi mtima wonse. Ndalemba mawu amenewa ndikulira, chifukwa ndikatseka maso ndimauona wonse, kuyambira pa mtengo wa bwemba mpaka pomwe tinkachapira. Koma nthaka siidikira munthu, ndipo ine sindidziwa chaka chomwe ndidzabwere. Ndikadzafika ndidzapempha kambali kwa mng'ono wanga, sadzandimana.

Mundiperekere moni kwa amalume ndi azakhali, kwa achimwene a Lyford ndi alamu anga, kwa Molly ndi amuna ake, ndiponso kwa amayi onse a Mvano. Apongozi anga ku Chileka alandira kalata yawoyawo, mwana wawo akulemba yekha. Abambo a Connie nawonso akupereka moni mwaulemu, akuti akuchita manyazi kukulemberani.

Molly akadzayamba kuthyola chimanga chachiwisi m'mundamo, choyamba adzakuotchereni inu, ndipo mudzandilembere kukoma kwake.

Mulungu akusungeni mpaka tidzaonane.

Ine mwana wanu,
Christobel