Kanga ya Maliro Siloledwa m'Mayeso

Lachiwiri, 4 Novembala

Ndadzuka ndikukumbukira mpanda wa sukulu yathu ya kale ku Masoko. Mwana wanga Lusajo ali khanda kumbuyo, ufa pamutu, ndikuchokera kuchigayo. Anzanga a Folomu 4 ali pamzere panja kudikira mayeso, aphunzitsi akuwapisa m'matumba, wapolisi akuwodzera pansi pa mtengo wa mapeyala. Ndinaima mpaka khosi kuwawa. Ndinkasirira ngakhale kusechedwako.

Tsopano ndi nthawi yanga, imvi zili mbuu. Mayeso a Folomu 4 a ife akuluakulu ayamba Lolemba. Lero a Mwaisaka, aphunzitsi a kalasi yathu ya madzulo, atiwerengera malamulo. Kulawirira. Chiphaso chokhala ndi chithunzi. Foni ayi, chikwama ayi. Zolembera m'kajumbo koonekera mkati. Wochedwa kwambiri apeza chitseko chotseka, tionane chaka chamawa. Kenako mawu anatsika: chovala chilichonse chokhala ndi zolemba sichilowa.

Kalasi yonse maso pa kanga yanga, chitenje cha mawu chimene ndavala.

Lachitatu, 5 Novembala

Kanga ya maliro a mwamuna wanga Ambokile. Akazi tonse a pabanja tinagula yofanana, monga timachitira. M'mphepete mwake mawu akuluakulu: Wapita kukapuma, Mulungu watsala nafe. Enawo anavula titangoika. Ine mkazi wake sindivula mpaka mwambo wa masiku makumi anayi, ndipo mwambowo uli kumapeto kwa mwezi, mayeso atatha. Wondimasula ndi mmodzi yekha, alamu anga aakulu a Gwakisa.

Ndayesa kuitembenuza. Mawu akuoneka mbali zonse. Ndayesa kuipinda kuti alowe mkati, a Mwaisaka akuti ndiye zaipiratu, oyang'anira mayeso adzati ndabisa. "Pa pepala la Chiswahili amafunsa miyambi, mayi. Chaka china atsikana analowa atavala mayankho m'chiuno." Anthu anaseka. Ine mano okha.

Ambokile ndiye ankandifunsa mafunso a Bayoloje tikusenda nthochi pakhonde. Mayina onse ankawatchula mokhota, dala, kuti ndimukonze. Buku lija likadali ndi utomoni wa zala zake pa tsamba la mtima wa munthu. Tsamba limenelo ndimalidumpha.

Lachinayi, 6 Novembala

Foni ya a Gwakisa ikungoitana. Kachiwiri ayankha akazi awo, akuti bambo ali pamsewu, apita ndi nthochi ku mzinda wa Dar. Lole yawo ndaiona ndi maso angawa, itaima pa msika wa Kiwira, yopanda kanthu.

Masana kwabwera Tusajigwe, mlongo wa malemu. Nkhani yamufika kale. Asanakhale n'komwe pansi: "Iwe alamu, dothi la pamanda silinaume, ukufuna kukavala siketi ya ana asukulu? Satifiketiyo ukaonetsa ndani, nkhuku?" Ndinamuthirira tiyi, anamwa makapu awiri.

Kangayi ndikaivula ndekha, abale a malemu adzati ndinali naye kale mwamuna wina. Pamwambo sadzabwera, Lusajo adzasowa pogwira pakati pa ine ndi abale a bambo ake. Ndikapanda kuivula, chaka chapita. Ndipo chaka chamawa sindikhulupirira kuti mtima wake ndidzakhala nawo. Wondikankha uja palibe.

Masamu lero sanalowe ngakhale pang'ono.

Lachisanu, 7 Novembala

Tapita kukaona malo okhala m'chipinda cholembera mayeso. Madesiki atalikirana ngati anthu odana. Langa lili pafupi ndi zenera losweka, mawondo sakwana bwino pansi pake. Ndinakhalapo pang'ono, manja pamwamba. Fungo la choko. Misozi inabwera yokha.

Potembenuka, Tusajigwe ali pakhomo. Wanditsatira kuchokera kunyumba kuti aone ngati lamulolo ndalipeka ine.

Mkulu wa oyang'anira ndi mayi wa kuboma lina, wofatsa, wa magalasi. Anandimvera mpaka pamapeto. "Pepani mayi, nanenso ndinafedwapo. Koma ndikakulolani inu, Lolemba kuno kudzadza amasiye okhaokha." Tusajigwe anayaka: "Ndiye mukuti mlongo wanga wasanduka yankho la mayeso? Funso lake ndi liti?" Mayiwo sanakwiye. Anangoti nsalu ikhale yopanda chilembo, kaya yakuda kaya yoyera, ya maliro kapena ya ukwati, iwo alibe nazo ntchito.

Pobwerera tinakwera bajaji, kanjinga kamoto ka matayala atatu, mpaka tinafika pa mlatho. Kenako Tusajigwe, akuyang'ana kunja: "Ankatitopetsa nazo munthu uja. Mkazi wanga Folomu 4, mkazi wanga Folomu 4, ngati akulemba ndi iyeyo." Anatsikira panjira, osatsanzika.

Loweruka, 8 Novembala

Mvula kuyambira mbandakucha. Ndasongola mapensulo, ndawaika m'kajumbo, ndawatulutsanso. Chiphaso ndachiyang'ana kambirimbiri ngati chithawa. Pa chithunzicho ndikumwetulira. Anajambula ndi Ambokile, akundiseka kuti ndikuoneka ngati mwana wa Sitandade 1.

Foni ya a Gwakisa tsopano yazimitsidwa.

Masana. Tusajigwe walowa osagogoda, atanyowa chonyowa, matope mpaka m'mawondo. Akuti kuyambira m'mawa wakhala pa mpando kutsogolo kwa lole ya a Gwakisa, nthochi zitapakiridwa kale, msika wonse ukuonerera. "Ndawauza, achimwene, mukafuna kupita ku Dar mundiponde kaye. Mwamuna wamkulu kuthawa foni ya mkazi wamasiye!" Pansi pa juzi anabisa kathumba. Nsalu yakuda bii, yakale, yotuwa m'mapindiro. Akuti ndi imene mayi awo anavala polira amuna awo, kanga zamawuzi zisanafale. Palibe chilembo ngakhale chimodzi. "Achimwene akane iyi tione, ngati mayi awo analira molakwika."

A Gwakisa avomera kukumana nane pa nkhani yosintha kanga ndi nsaluyi. Mawa tikaweruka kutchalitchi, kunyumba kwawo, akulu a banja ali pompo. Sanati eya. Angoti abwere timumve.

Tusajigwe akuti ndikagwade bwino, ndipo Chingerezi changa ndichisiye kunyumba. Nsalu wandisiyira kuti ndiisite. Ikununkha m'bokosi. Makala akukana kuyaka ndi chinyezichi, ndipo sindikudziwa kuti ndikayamba ndi mawu ati. Alamu, ine ndimafuna...