Nsanza Yachisanu ndi Chiwiri

Greenbelt, Maryland
Lachitatu, 22 Januwale 2025

Loweruka, 18: timisomali tomasula 4, tobwezera 4.
Lamulungu, 19: kuyesa kuyatsa hita ka 9, kuyaka 0.
Lolemba, 20: mafuwa a sitovu oyaka 3, mazenera otsegula 0.
Lachiwiri, 21: mawu oyamba amene ndinayankhula kwa mkamwini maso ndi maso, 11.

Okondedwa achemwali,

Ndayamba ndi manambala chifukwa ndi okhawo amene sakunjenjemera. Muwerenge mutakhala pansi, koma dziwani kaye kuti tonse tili moyo.

Mukudziwa kuti chifikire kuno kwa Janet, ine ndi bambo ake sitinkagona m'nyumba. Bafa ndi limodzi, ndipo sindikanatha kumakumana ndi mkamwini pakhonde nditamangira chitenje pachifuwa. Amuna ake a Janet, a Chibwe, ndi a ku Zambia ndipo ulemu amaudziwa, choncho anatipatsa kampa yawo imene ili kuseri. Kampa ndi galimoto yokhala ndi bedi, sitovu ndi chimbudzi m'kati. Imafunda ndi hita ya gasi. Ukatembenuza kabatani ka pakhoma, fani imayamba kuzungulira, pakapita masekondi 18 umamva thethethe, kenako moto umagwira. Zaka 34 ndikuphunzitsa masamu zinandisiyira matenda owerenga chilichonse, ndiye masekondiwo ndimawadziwa.

Loweruka bambo a Janet ankadandaula nyamakazi. Ndinayendetsa dzanja m'munsi mwa kabati ndipo ndinapeza kachitseko ka timipata kakulowetsa mphepo pamapazi awo penipeni. Ndinachita zimene mayi ankachita kwathu ku Dedza mu Juni. Ndinang'amba chitenje chakale cha Mvano, ndinamasula timisomali tinayi, ndinakankhira nsanza m'katimo ndi mpeni wa buledi, ndi kutsekanso bwinobwino. Sindinauze munthu. Ndinkadziona ngati mayi wanzeru.

Lamulungu m'mawa fani inazungulira, koma thethethe sanamveke. A Chibwe anabwera ndi zida zawo, ine ndinakhala pampando wakutsogolo nditayang'ana kumbali, ndikulemba zimene ankauza bambo a Janet. Gasi m'thanki anali wopitirira theka. Sitovu inayaka, kusonyeza kuti gasi akuyenda. Batire inali ndi mphamvu 12.6. Fyuzi inali yamoyo. Anasuzumiranso m'paipi ya utsi panja poganiza kuti mavu anamangamo, koma munalibe kanthu. Achemwali, mutu wanga sunagwirizanitse nsanza ndi moto ngakhale pang'ono. Ndinkati mphepo ndi mdani wa kufunda.

Janet anatipempha kuti tilowe m'nyumba. Ndinakana. Anatipatsa kahita ka magetsi, koma m'chisanu cha sabata ino kanali ngati kandulo.

Lolemba masana ndinali m'nyumba kusambitsa mdzukulu wanga Mwewa, a Chibwe ali kuntchito. Ndinakhalako mphindi 50. Pobwerera ndinamva kulira kwapansipansi, kanayi, kupuma, kanayi. Nditatsegula chitseko ndinapeza bambo a Janet atayatsa mafuwa onse atatu a sitovu, mazenera ali otseka, iwo atatsamira khoma maso ali ofiira. Kabelu kochenjeza za mpweya woipa anali atakavindikira ndi pilo.

"Kakusokosa aka," anatero, lilime likulemera. "Tseka chitseko, Esnat, ukutaya moto."

Mukukumbukira amalume a Sitima ndi mbaula yawo, m'mene tinawapezera m'mawa atafunda bwinobwino ngati akugona? Nkhope imeneyo ndi imene ndinaiona. Ndinazimitsa sitovu, ndinawakokera panja, pa chipale chofewa, masitepe atatu, ndi mphamvu zimene sindikudziwa kumene ndinazitenga. Janet, poti ndi namwino, anawathamangitsira kuchipatala. Anawaika pa mpweya maola anayi. Dokotala anati ola lina limodzi likanakwana kuwapha.

Usiku umenewo tinagona pabalaza, ine osavula ngakhale juzi.

Lachiwiri a Chibwe sanapite kuntchito. Anatsegula kachitseko ka hita ka panja pa kampa, ndipo ndinawamva akufotokozera Janet, ine nditaima kuseri kwa galimoto. Anati m'kati muli kachitsulo kopyapyala ngati tsamba. Fani ikakoka mpweya wokwanira, tsambalo limakankhika, ndipo ndi limene limaloleza moto kuyaka. Mpweya ukachepa, limakana.

"Kaswichi aka kafa," anatero m'Chinyanja chawo. "Manje nizamangako waya chabe, tikadumphe, adada agoneko bwino lelo. Katsopano kazabwela pa Fulaide."

"Mpweyawo imaukoka kuti?" anafunsa Janet.

"Mukati, pansi pa kabati. Pali kagililo, kachitseko ka timipata."

Kachitsuloko sikanafe. Kanali kukana chifukwa cha ine, ndipo masiku atatu kanakhala kakutiteteza. Akakadumpha, moto uyaka nsanza zanga zili pambali pake.

Ndinayang'ana Janet kuti ndimunong'oneze, monga ndachitira zaka zisanu ndi chimodzi ndikafuna kuuza amuna ake kanthu. Koma anali tsidya lina, ndipo waya anali kale m'manja mwawo. Ndinatuluka poyera, ndinawayang'ana m'maso, ndinati: "Bambo a Mwewa, musalumikize wayayo. Ndine ndinatseka mpweya. Muli nsanza m'katimo."

Anavula chipewa pa chisanu chonsecho. "Amai," anatero. Janet ndiye anayamba Chingerezi chothamanga, ndipo zimene ndinatolapo sindizilemba.

A Chibwe anamasula timisomali tija, anatulutsa nsanza ndi kuziponya m'ndowa. Anatembenuza kabatani. Masekondi 18, thethethe, moto. Bambo a Janet anaseka mpaka kutsokomola, amvekere, "Aphunzitsi alephera sayansi." Nanenso ndinaseka. Tinaizimitsa patapita mphindi khumi kuti tikadye.

Madzulo ndikuchapa nsanza zija ndinaziwerenga, poti sindingachitire mwina. Zinali zisanu ndi imodzi. Achemwali, ndinang'amba zisanu ndi ziwiri. Ndinaziyala pansi kuti chitenje chibwerere m'malo mwake, ndipo pakati pakusowa kachigawo kamene panali mtanda. Ndinakutumula ndowa. Ndinasuzumira m'kabati ndi tochi mpaka bondo linakana.

Ndinapita kuthanki ndi kutseka gasi ndekha, kupotokola kasanu mpaka polimba. Kenako ndinagogoda pachitseko cha mkamwini, kuyankhula nawo kachiwiri tsiku limodzi. Iwo anandikhulupirira. Akuti mwina fani inaikokera m'kati, pafupi ndi pamene pamayaka moto, ndipo aitana mmisiri Lachisanu kuti adzatulutse hita yonse. Bambo a Janet akuti mwina ndinapukutira nayo mpeni n'kuitaya, ndaiwala, ndi ukalamba. Sindikudziwa chimene ndikuopa kwambiri, kuti nsanzayo ili m'menemo, kapena kuti mutu wanga wayamba kutaya zinthu.

Tsopano tikugona m'chipinda cha Mwewa. Lero m'mawa ndinakumana ndi a Chibwe pakhomo la bafa, mswachi uli m'kamwa. Tinapatsana moni, ndipo denga silinagwe.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana onse. Kwa amayi a Mvano musanene za chitenje. Juni akafika, chonde mbaula izigona panja, ndipo kazenera ka kuchipinda kwanu musamakatseke ndi nsanza monga mumachitira. Ndikudziwa kuti mumatero, tinaphunzira kwa mayi mmodzi. Muzisiya kampata.

Nsanza zolowa: 7.
Zotuluka: 6.
Yotsala: 1.
Anthu opuma m'nyumba muno, ndawerenga kawiri: 5.

Ndine mng'ono wanu,
Esnat