Mfuti Yakana Kulira

Mualadzi, 1956

Achimwene a Hezekiya,

Landirani moni kumigodi ku Wanki. Kuno tadzuka, chimanga chikukhwima, koma ine mtima suli m'malo.

Alamu anu a Lourenço anagula mobisa mfuti ya asilikali kutsidya kwa malire. Ankaitama kuti si gogodera wothira onga ayi, imalira kakhumi osapuma ndipo imaboola mtengo. Poopa asipayi, apolisi a Apwitikizi, zipolopolo anazikwirira mumphika pansi pa nkhokwe dzinja lonse.

Sabata yatha anatsata njati imene inkatidyera kumunda. Atati awombe, mfuti inangoti zii. Njatiyo inamuthyola mwendo mng'ono wawo, Nowa.

Tsono za alenje mukuzidziwa: mfuti ikakana, amati mkazi kunyumba sanadzisunge. Apongozi sakuyankhanso moni wanga. Ine zipolopolozo ndinaziona zitabiriwira ndi chinyontho, koma ndikakanena pabwalo, mawa lake amuna anga akamangidwa kuposito, kuboma.

Inu ndinu nkhoswe yanga, bwerani msanga, musadikire kukolola. Pa zipolopolo zonse zija a Lourenço anapezapo chipolopolo chimodzi chowala, ndipo amachipukuta tsiku ndi tsiku osandiyang'ana. Njati ija inachoka kalekale, achimwene.

Ndine mlongo wanu,
Rebeka