Tsiku Limene Galimoto ya Maliro Inakana Kulira

Amayi, kumeneko mukukhala bwanji? Ndine mwana wanu Enelesi, kuno ku Maganga. Ndikunena ndine, akulemba ndi Esinati, ndipo ndamuuza kuti asakonze liwu ngakhale limodzi. Ndikuyankhula pang'onopang'ono chifukwa chibwano sichinapole.

Ndiyambe ndi adzukulu anu. Esinati yemweyu ndi mphunzitsi, akalowa m'kalasi ana onse amaimirira. Yohane ndi wophika wamkulu pa loji ina ku Senga Bay, wamanga nyumba ya malata, ndipo mkazi wake wabereka mapasa, wamwamuna ndi wamkazi. Wamkaziyo tamutcha dzina lanu. Tiyamike, uja anamasula wailesi yanu ali wamng'ono, ndi makaniko ku Salima. Ine ndinkachita naye manyazi, mwana wamkazi kuyenda ndi ovolosi yamafuta, koma inu munkati, "Musiyeni, manja ofunsa mafunso sagona ndi njala." Mpunga takolola bwino. Chinangwa ndiye mbuzi zinamaliza, ndipo nkhani yonse yayambira pa mbuzizo.

Zinali za Gilibati, mwamuna wa Lute, Lute uja mwana wa malemu mng'ono wanga. Zitalowa m'munda kachitatu ndinamukalipira pagulu, ndi kumuuza kuti, "Uona." Munkandichenjeza kuti lilime lilibe fupa koma limathyola mafupa. Patapita milungu iwiri Gilibati anadwala malungo aakulu, namwalira.

Abale ake anabwera ndi pikiapu kuti akamuike kwawo ku Chinguluwe. Dzuwa lili paliwombo, bokosi litakwezedwa, amayi akuimba, dalaivala anapotokola kiyi. Galimoto inangoti tcha, basi. Anayesanso, tcha. Amuna anakankha, koma mchenga wa kuno mukuudziwa, matayala anangozama.

Pamenepo wina anati maliro akana, mwiniwake sakufuna kunyamuka womudya asanaoneke. Dausi, mkulu wake wa malemu, anandiloza chala ndili pamphasa. "Si gogo uyu anati uona? Taonadi!"

Amayi, anandikoka miyendo ngati mbuzi yopita kokaphedwa. Ena mwa iwo ndinawasambitsa ndi manja angawa ali makanda. Mwala woyamba unandipeza pachibwano, mano atatu ndinawalavulira m'dzanja. Anandivula duku, kundiponda m'nthiti, mkazi wina anasolola chikuni chamoto pamafuwa ndi kundimenya nacho pamsana. Fungo la khungu langa ndinalimva ndekha. Esinati anadzigwetsa pamwamba panga, naye anamung'amba pamphumi. Kenako ndinamva wina akufunsa kuti petulo ali kuti.

Tiyamike anali atachedwa kuntchito. Anatsika pa kabaza chikwama cha zitsulo chili paphewa, napeza Dausi atakweza njerwa pamutu panga. Sanafunse kanthu. Anamukwapula pamkono ndi sipanala ya matayala, fupa linalira ngati nthambi youma. Anthu anabwerera m'mbuyo pang'ono, iye nati, "Ndipatseni kiyi. Ikakana m'manja mwanga, mutiwotche tonse awiri."

Ndinali gone mumchenga, diso limodzi litatseka, koma linalo linaona zonse. Tiyamike analiza hutala, inalira ngati kamwana ka mbuzi kodwala. Anayatsa magetsi, anangofiira ngati koloboyi wotha mafuta. Anatsegula boneti, kuyang'ana kamodzi, ndi kufuula, "Bwerani, abambo ndi amayi, mudzaone mfiti yanu!" Pamutu pa batire panali ufa woyera utaundana, ndipo waya wake unkagwedera ngati mano anga otsalawa. Mabampu a msewu wathu anali ataumasula. Anapempha ketulo ya tiyi wa pamaliro, nathira madzi otentha pa ufawo mpaka unasungunuka. Anapala ndi mpeni wodulira anyezi, chitsulo chinawala, namanga nati mwamphamvu. Sipanala inamugwa kawiri, Amayi. Wa petulo uja anali atafika ndi botolo lake, ataima pafupi nane.

Atatha anatembenukira kwa Dausi. "Achimwene, dzanja lina muli nalo. Potokolani nokha, musadzati ndaika mankhwala."

Anapotokola. Injini inalira nthawi yomweyo, utsi kuti tolo.

Panalibe woimba, panalibe wopepesa. Ndinangomva miyala ikugwa pansi umodziumodzi, aliyense akuyang'ana kumbali ngati wangofika kumene. Tiyamike anauza dalaivala kuti asanapite kumanda ayambe wandisiya kuchipatala. Anandigoneka pambali pa bokosi la Gilibati, phewa langa likugunda thabwa lake njira yonse mpaka ku Salima. Galimoto sinazime ngakhale kamodzi. Mwini maliro sanakane kuyenda nane.

Ndagona kumeneko masiku khumi. Nkhani ili kupolisi, anayi anatengedwa. Lute amabwera m'mawa uliwonse kudzanditungira madzi, sitinayambe kukamba, koma amabwera. Liwu lija ndinalakwa kulinena, sindidzalinenanso. Koma chinangwa changa chinadyedwadi, zimenezo Esinati ulembe.

Ana akufuna ndisamukire ku Salima. Ndakana. Inu mwagona pano, mchombo wanga unakwiriridwa pano, ndithawe ndaba chiyani? Ndikukulonjezani kuti bola ndikupuma, udzu sudzamera pamanda anu.

Tsono mverani. Loweruka loyamba la mwezi wa Okutobala tonse tidzasonkhana kudzamanga chiliza chanu. Yohane adzaphika, Esinati adzawerenga kalatayi mokweza, simenti idzabwera pa galimoto imene Tiyamike wakonza yekha. Mudzi wonse ndauitana, osasiya ndi mmodzi yemwe. Manja amene ananyamula miyala tsiku lija adzanyamule njerwa zanu, ine nditakhala pampando, ndikuwayang'ana.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Enelesi