Khadi Lachiwiri

Lolemba, 7 Juni 2004

"Makompyuta akalumikizana, ogwira ntchito adzayandikana, ndipo bungwe lathu lidzakhala banja limodzi." Anatero bwana wamkulu pamsonkhano ku Blantyre, tonse n'kuwomba m'manja. Ndalemba mawuwa ndi ulemu wonse.

Banjalo kuno kuphiri ndi anthu awiri: ine Medson, woyang'anira ofesi ndi mbande za paini, ndi a Modester otayipa malipoti m'chipinda chinacho. Intaneti imalowa mu kompyuta yanga yokha, kuchokera pa kamlongoti ka padenga. Ndiye m'mawa uliwonse a M. amabwera ndi disiketi, n'kukhala pampando wanga, ine n'kuima pawindo ngati mlendo. Amatumiza zawo uku tikumwa tiyi, akundiuza za kwawo ku Likangala: wathawa ndani, wabwerera kwa mwamuna ndani. Madzulo amatsika pa lole ya matabwa. Ine ndimatsala ndi nkhungu ndi anyani.

Lero kwafika kabokosi. Muli khadi la netiweki lachiwiri, loti ndiike mu kompyuta yanga kuti izigawirako intaneti kompyuta ya a M. Zikatero sadzafunikanso kubwera kwanga. Zimenezi pamsonkhano sanazitchule.

Lachiwiri, 8 Juni

A Gilson, katswiri wa makompyuta kulikulu, akana kukwera phiri. Akuti kukuzizira. Andilangiza pafoni: zimitsani, zulani chingwe cha magetsi, gwirani kaye chitsulo cha bokosi la kompyuta musanakhudze khadi.

Ndamasula. Mkatimo fumbi ndi kangaude wakufa, amene watumikira bungwe mwakachetechete kuposa tonsefe. Ndachotsa kachitsulo kotseka kumbuyo, ndalowetsa khadi pa kampata koyera pafupi ndi loyamba, lolandira intaneti ya padenga. Limafuna kukanikiza mpaka mtima kuchita thi.

A M. ataima pakhomo ndi kapu: "Udokotala munaphunzira liti, madala? Wodwalayo akafa, maliro ndi anu."

Sanafe. Nditayatsa, kompyuta yanena kuti yapeza chinthu chatsopano, yapempha sidi ya m'kabokosi, ndaipatsa. Tsopano ikuonetsa makhadi awiri, mayina ofanana ngati mapasa. Loyamba ndalitcha Denga, lachiwiri Modester.

Lachitatu, 9 Juni

Kuboola khoma kuti chingwe chidutse. Nyumbayi anamanga azungu akale, khoma lake ngati la ndende. Tchizulo ndinabwereka kwa ocheka matabwa. Nditatulukira mbali inayo ndinaona diso la a M.

"Odi kumeneko! A Medson alipo?"

Ndinati atuluka. Tinaseka mpaka kutsokomola ndi fumbi.

Chingwe ndalumikiza uku ndi uku. Kanyali ka pakhadi sikakuyaka.

Lachinayi, 10 Juni

A Gilson: "Mwatenga chingwe chiti, bwana? Chabuluu? Iyayi! Kompyuta ndi kompyuta, popanda kabokosi kogawa pakati, zimafuna chingwe chopingasa mawaya kumapeto. Ndinakuikirani chofiira, yang'anani pansi pa katoni."

Chinalipodi. Ndinachiyang'ana, ndinachipinda bwinobwino, n'kuchiika mu dirowa.

A M. atafunsa ndinati a ku Blantyre akufufuzabe. Palibe amene amadabwa akamva kuti a ku Blantyre akufufuza. Anabwera ndi chinangwa chophika, tinadya ndi mchere papepala. Nkhani ya lero: mpongozi wa aneba awo wakana kuchoka, wadzala kale tomato kuseri kwa nyumba. Masana intaneti inkayenda ngati nkhono, malipoti awo anatha kutumizika mochedwa.

Lachisanu, 11 Juni

A M. abwera akutsimphina. Dzulo lole inawasiya chifukwa chodikira malipoti aja, ndiye anatsika wapansi njira yachidule yotchedwa ya mbatata, m'mvula yowaza, n'kuterereka pamwala. Bondo latupa. Mwana wawo anamupeza atagona pakhonde osadya.

"A Medson, ine ndatopa. Tsiku ndi tsiku kukudzutsani pampando ngati ndine mwini ofesi. Chinthu chanucho chidzatheka ndili moyo?"

Ndinatsegula dirowa iwo atatuluka.

Chofiira chitalowa, kanyali kanayaka nthawi yomweyo, kobiriwira, kopanda manyazi. Kenaka manambala monga ananenera a Gilson. Khadi la Denga osalikhudza. La Modester lapatsidwa 192.168.0.1, kompyuta yawo yapatsidwa yothera ndi 2, ndipo ndaiuza kuti khomo lake lotulukira ndi kompyuta yanga. Pomaliza kabokosi kamodzi koti ndichonge, kololeza kugawa. Ndinachonga.

Kuseri kwa khoma kunamveka nthungululu. Anabwera kudzandigwira chanza ndi manja awiri. "Madala, ndinu munthu!" Atsika ndi lole dzuwa likadalipo.

Loweruka, 12 Juni

Chiperoni. Ndachapa, sizinaume.

Lamulungu, 13 Juni

Sindinatsike kutchalitchi. Ndinapita kudamu la Mulunguzi, ndinapeza ogulitsa zipatso akuwotha moto m'mbali mwa msewu. Anandiyesa wogula. Atazindikira kuti ndi ine, anakhalanso pansi.

Lolemba, 14 Juni

Madzi a tiyi ndinatereka monga mwa masiku onse. Ndinamva lole, ndinamva chitseko cha a M., kenaka phokoso la hita yotenthetsera chipinda. Kuzizira kwa lero munthu sungasiye chitseko chotsegula, zimenezo n'zomveka.

Patapita kanthawi kompyuta inalira. Imelo: "Mwadzuka bwanji a Medson? Kunyumba kwacha bwino. Bondo likuchepa. Musazimitse yanuyo, mukazimitsa kuno kumafa."

Moni wa m'mawa, pagalasi! Mayi anga akanamva akanafunsa kuti tinayambana chiyani. Ndinayankha kuti ndadzuka bwino, kaya iwo. Ndinawerenganso kuti ndione ngati mulibe cholakwika, ndinatumiza.

Masana ndinaganiza zozula chofiira chija pang'ono, kuti abwere kudzafunsa. Ndinakumbukira bondo.

Lachiwiri, 15 Juni

A Gilson aimba, akuti bwana wamkulu akondwa kwambiri, ofesi ya kuphiri ndi chitsanzo, ayitchula pamsonkhano wotsatira.

Malipoti onse a a Modester adutsa mu kompyuta yanga lero. Kanyali kamaphethira akamatumiza.

Pakati pathu pali khoma limodzi. Lero sitinaonane.